Gasi uja patapita miyezi: kuphika kuli bho koma mtengo ukutsatira dola

Amene munkafunsa kuti gasi akundiyendera bwanji ndikuyankheni tsopano poti miyezi yapitapo ndithu ndipo silinda ndadzazitsa kangapo. Ndinagula silinda ya 9kg, regyuleta, payipi ndi kastovu ka mapuleti awiri.

Kumbali yophika ndilibe dandaulo. Tiyi wa m'mawa ndi kamphindi, nsima ndiye osanena poti moto umachepetsa kapena kukweza mmene ukufunira, mapoto sakudanso, zovala zinasiya kununkha utsi ndipo magetsi akathima ine ndimadziwira pa foni ikafuna kutchaja basi. Payipi yokha ndiye ndinasintha itayamba ming'alu. Muzipaka thovu la sopo polumikizira, likamafufuma ndiye kuti gasi akutuluka, tsekani msanga.

Koma nyemba anzanga, nyemba pa gasi ndi kuwotcha ndalama ngakhale uziviike usiku wonse. Ndiye mbaula sinachoke pakhomo ayi, tsiku la nyemba kapena nthumbwana ndimagulabe kajumbo ka makala, kungoti thumba lathunthu ndinasiya.

Nkhani imene ikundivuta ndi ya mtengo. Boma linachotsa msonkho wa VAT wa 16.5% pa gasi, masilinda, zipangizo za sola ndi mababu osadya magetsi mu bajeti ya 2019/20, cholinga chake anthu asiye makala nkhalango ngati Dzalanyama zipume, ndipo mu 2020 lamulo la nkhalango analikhwimitsa kwa owotcha makala opanda chilolezo. Maganizo abwino zedi, sindikutsutsa. Koma gasiyu sitipanga kuno, amachoka kunja pa mathanki ndipo amagulidwa ndi dola, ndiye kwacha itagwa ndi 25% mu May 2022 kenako 44% mu November 2023 ka 16.5% kaja kanangomezedwa osaoneka n'komwe. Mtengo pa kilo amalengeza ndi a MERA, bungwe loona za magetsi, mafuta ndi gasi, ndipo powerengera amayang'ana mtengo wakunja ndi mphamvu ya kwacha, ndiye forex ikasowa mwina mtengo ukwere mwina gasiyo asowe, ine ndinazungulirapo tauni ndi silinda yopanda kanthu pa kabaza, wa kabaza mpaka kundimvera chisoni. Pomwe wa makala amabwera yekha pageti ndi njinga, dola sakuidziwa, ndipo amalola kugula pang'onopang'ono malinga ndi m'thumba. Munthu wa ganyu mungamuuze chani pamenepo? Inde gasi amadzazanso pa kilo koma uyambe wapeza kaye ya silinda ndi stovu, ndalama yake si yamasewera, kuchotsa msonkho kokha sikufika pamenepo.

Ndiye ngati muli ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu kapena Zomba ndipo podzazitsa pali pafupi, gulani, simudzanong'oneza, koma ngati mungakwanitse mukhale ndi kasilinda kena kosungira. Mayi anga kumudzi sindinawagulire, kodzazitsa ndi kutali ndipo thiransipoti ingadye zonse. Iwo ndinawapezera chitetezo mbaula, ija youmba ndi dongo lathu lomweli, nkhuni zikulowa zochepa kusiyana ndi pa mafuwa ndipo ikasweka amagula ina kwa amayi a gulu loumba pamudzi woyandikana nawo.