Nkhuku za mufiriji za m'masitolo otchipa: n'zotchipadi, koma muzisankha ndi manja

Masitolo ogulitsa zinthu motchipa mumzinda wa Tete, ku Moatize ngakhale ku Ulónguè amakhala ndi mafiriji aatali aja odzaza nkhuku zouma gwa, ndipo kumapeto kwa mwezi pamwamba pake amapachika chipepala cholembedwa kuti promoção, kutanthauza kuti mtengo watsitsidwa. Nkhuku zimenezi zimapulumutsadi ndalama mukayerekeza ndi nkhuku yamoyo ya pamsika, makamaka panyumba pamene pali anthu ambiri. Koma mtengo wapachipepala si umene muyenera kuyang'ana poyamba. Chimene mukugula ndi nyama imene itsale madzi oundana akasungunuka, ndipo ubwino wa nyamayo umadalira mmene firiji ya sitoloyo yakhala ikuyendera.

Zambiri mwa nkhukuzi n'zachizungu, zophedwa zili ndi milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Zina zimachokera kumafamu akuluakulu a m'dziko muno, monga a ku Chimoio ndi ku Nampula, zina zimachokera kunja. Zonse zimayenda ulendo wautali pa msewu wotentha zisanafike kuno, ndipo mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Tikawonjezerapo kuzima kwa magetsi, n'zosadabwitsa kuti nkhuku zina zimasungunuka n'kuumanso zisanagulidwe.

Zimenezi zimaoneka ngati mufatsa. Nyamulani paketi muitembenuze. Ngati kumbali imodzi kapena pansi pake kwaundana madzi ofiirira ngati magazi osungunula, nkhukuyo inafewapo, madzi ake anatsikira pansi, kenako inaumanso. Mapiko kapena ntchafu zimene zamatirirana n'kukhala chibulumwa chimodzi chophwatalala zikunena zomwezo. Timawanga toyera touma pakhungu timasonyeza kuti paketi inabooka kapena yakhalitsa; yotereyi siidwalitsa, koma imakhala yolimba ngati chikopa pamalo pamenepo ndipo fungo lake limakhala la firiji. Dinani ndi chala pachifuwa: isabonyoke ngakhale pang'ono. Firiji yabwino imakhala pa madigiri 18 pansi pa ziro kapena kuzizira kuposa apo, ndipo ena mwa mafiriji amenewa amaonetsa nambalayo pambali. Nkhuku zimene aunjika kupitirira mzere wa m'mphepete mwa firiji, pafupi ndi chivundikiro chimene aliyense akutsegula, zisiyeni, pisani dzanja mutenge za pansi. Werenganinso deti la validade, tsiku limene nyamayo ithere ntchito, chifukwa promoção yambiri ya nyama imabwera detilo likayandikira. Palibe cholakwika pamenepo ngati muphika mlungu womwewo.

Nkhani ya madzi ndi imene imabisa mtengo weniweni. Nkhuku ikaphedwa kufakitale imaziziritsidwa m'madzi ndipo imamwako ena. Ku Brazil, dziko logulitsa nkhuku zambiri kunja, malamulo salola kuti madzi otuluka nkhuku yathunthu ikasungunuka apitirire 6 pa 100 alionse a kulemera kwake. Pa nkhuku ya makilogalamu 1.2 ndiye kuti ndi magalamu 72, osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a kapu. Kuyesa n'kosavuta: sungunulirani nkhukuyo m'mbale, muthire madzi otulukawo m'kapu. Akadzaza kapu, mtundu umenewo musaugulenso ngakhale utatsika mtengo bwanji. Tiyerekeze kuti nkhuku ziwiri zonse zalembedwa kilogalamu imodzi, ina pa 230 meticais, ina pa 250. Yoyamba itataya magalamu 200, yachiwiri n'kutaya 60, ndiye kuti yotchipa ija mwaigula pa 288 meticais pa kilogalamu ya nyama, yodulayo pa 266. Onaninso ngati m'mimba mwake aikamo khosi, chiwindi ndi nthutumba, zimene amalemba kuti miudezas, chifukwa nazonso zili m'kulemera komweko. Zolembedwa kuti temperado zinathiridwa kale madzi amchere, choncho mumalipira mcherewo pa mtengo wa nyama.

Mwa zonse za mufiriji, ntchafu ndizo ndimaziika patsogolo. Zili ndi mafuta okwanira, siziuma msanga pamoto, ndipo zimapirira kuundana kuposa nyama ya pachifuwa, imene ikasungunuka imakhala yamadzimadzi koma ikapsa n'kuuma. Nkhuku yathunthu ikubwera pachiwiri. Mapiko amaoneka otchipa koma kupitirira theka lake ndi mafupa ndi khungu. Zipalapasiro, makosi ndi nthutumba n'zabwino pa msuzi bola paketi ikhale yoyera. Nyama yogaya ndi masoseji otsika mtengo kwambiri sindilimbikitsa, chifukwa simungaone zimene zinalowamo, komanso ndizo zimayamba kuwonongeka firiji ikafooka.

Paketi yaikulu ya makilogalamu awiri kapena asanu imatchipa kwa amene ali ndi firiji youmitsa. Ngati mulibe, gawanani ndi anansi tsiku lomwelo, apo ayi gulani yongokwana mphika umodzi. Firiji yodzaza imasunga nyama ili youma pafupifupi masiku awiri magetsi atazima ngati simukuitsegula, koma yosadzaza imangokwanitsa tsiku limodzi. Amene mumagula ku Tete n'kukwera chapa (minibasi) kupita ku Angónia, ulendo wa makilomita opitirira 200, nyama muziigula pomaliza, muikulunge m'manyuzipepala ndi chitenje pamodzi ndi botolo la madzi oundana, ndipo isakhale pafupi ndi injini.

Kusungunula ndi pamene anthu ambiri amaonongera nkhuku yabwinobwino. Kuiyanika padzuwa kapena kuiviika m'madzi otentha kumafewetsa kunja mkati muli gwa, ndipo kunja kofundako ndi kumene tizilombo totsekula m'mimba, monga salmonella, timaswana. Njira yabwino ndi kuiika m'mbale pansi penipeni mufiriji yozizira chabe kwa usiku ndi usana umodzi. Mukafulumira, isiyeni m'pulasitiki wosabooka, muimize m'madzi ozizira, muzisintha madziwo mphindi 30 zilizonse. Nkhuku ya kilogalamu imodzi imatha maola awiri kapena kupitirirako pang'ono. Yosungunula m'madzi iphikidwe nthawi yomweyo. Ngati simungapirire osaitsuka, tsukirani m'beseni osati pampopi pomwe madzi amathovukira pambale ndi pamasamba, kenako beseni, mpeni ndi manja zione sopo.

Kaphikidwe kake si ka nkhuku yachikuda. Yachikuda imafuna kuwira ola lathunthu kapena kupitirira kuti ifewe. Yachizungu mukaichita zimenezo imangosasuka, kukoma konse n'kuthawira m'madzi. Iyi imafuna kuyamba ndi kukazinga. Pa kilogalamu imodzi, pukutani zidutswa ndi kansalu koyera mpaka ziume, muthire masipuni aang'ono awiri osasefukira a mchere, adyo mano anayi osinja, madzi a ndimu limodzi ndi tsabola mmene mumakondera, musiye kwa mphindi 30. Ngati ndi temperado, mchere uchepe ndi theka. Tenthetsani masipuni aakulu awiri a mafuta mpaka ayambe kunyezimira, muike zidutswazo khungu pansi, zosathithikana, kwa mphindi 6 mpaka 8 musanatembenuze. Mukadzaza poto nthawi imodzi kutentha kumatsika, nyama imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira m'malo mofiira, ndiye kazingani kawiri. Chotsani nyama, m'mafuta omwewo mukazinge anyezi awiri, muwonjezere matimati atatu kapena anayi mpaka asungunuke ndipo mafuta ayandame pamwamba. Bwezerani nyama, muthire theka la kapu ya madzi basi, muvundikire, iwire pang'onopang'ono kwa mphindi 20 mpaka 25. Kachewere wa ku Tsangano wodula zibenthu amapsa m'nthawi yomweyo mukamuika pamodzi ndi madziwo, koma pamenepo madzi akhale kapu yathunthu.

Kuti mudziwe kuti yapsa, boolani ntchafu pafupi ndi fupa: madzi otuluka akhale oyera ndipo nyama isakhale yonyezimira ngati yaiwisi. Amene muli ndi kachipangizo koyezera kutentha, pafike pa madigiri 75. Fupa lokha likada kapena kufiira musataye ndiwo. Mafupa a nkhuku yaing'ono amakhala asanakhwime, ndipo kuundana kumatulutsa mtundu wa mafuta a m'mafupa kubwera kunja. Ndiwo zotsala zisakhale pamtetete kupitirira maola awiri, ndipo nyengo yotentha ya kuchigwa cha Zambezi ola limodzi lokha n'lokwanira.

Pa nyama ya mbuzi masitolo amenewa sangapikisane ndi msika, ndipo palibe chifukwa chowapatsira mpata. Chigawo chino chimadziwika ndi mbuzi zodya masau ndi malambe, moti dzina lakuti Cabrito de Tete, kutanthauza mbuzi ya ku Tete, linalembetsedwa mwalamulo ngati chizindikiro cha malo ochokera. Pa msika wa Kwachena mumzinda, kapena kubutchala ya kwanuko, pitani m'mawa nyama isanawombedwe dzuwa, musankhe ya pamkono, pakhosi ndi nthiti, yofiira bwino, yosaterera mukaikhudza. Kilogalamu imodzi iikeni mumphika ndi mchere ndi makapu awiri a madzi, iwire pa makala ochepa kwa ola limodzi ndi theka mpaka awiri, muziwonjezera madzi otentha pang'onopang'ono akamaphwa. Ikafewa lolani madzi aphwe kuti idzikazinge m'mafuta ake omwe, ndipo apa m'pamene anyezi ndi matimati zilowe; mukaziika koyambirira zimatheramo n'kupserera pansi nyama isanafewe. Kumapiri a Angónia madzi amawira asanatenthe ngati a kuchigwa, choncho onjezerani mphindi 15 kapena 20, ndipo mbaula muikonzere makala a ulendo wachiwiri musanayambe.