Mabatire 30 pa tchaja ya mabatire 6: miyezi 14 chionjezereni mabatire pa UPS ya maseva athu

Lachiwiri mnzanga amene amayang'anira makompyuta pa ofesi ina ku Karonga ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Achimwene, UPS ija munaionjezera mabatire ikuyenda bwanji? Abwana avomera kuti nafenso tigule." UPS ndi makina a mabatire amene amapitiriza kupereka moto ku makompyuta magetsi akazima. Uthengawo unandipeza nditagwira kotesheni ya mabatire atsopano, mutu ukuwawa. Ndinamuuza kuti adikire kaye, nkhani yake siyokwana m'mizere iwiri.

Ofesi yathu ili m'tauni muno mu Mzuzu, ndipo timasunga mabuku a ndalama za anthu. M'kachipinda kamene kale kanali kosungiramo mapepala muli rack (shelefu yachitsulo) yokhala ndi maseva awiri (makompyuta amene ena onse a pa ofesi amadalira), NAS imodzi (bokosi losungira mafayilo), switch ndi rauta za netiweki. Zonse pamodzi zimadya mawati pafupifupi 600. Aliyense akukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya ma megawati pafupifupi 130. Chaka chimenecho tinkazimitsa maseva pamanja, kuthamanga ngati tikuanula zovala mvula ikubwera. N'chifukwa chake mu Okutobala 2023 tinagula UPS ya 3kVA, ya mtundu wa online (magetsi amadutsa mwa iyo nthawi zonse asanafike ku maseva), yolowa mu rack. M'kati mwake muli mabatire 6 a 12V 9Ah olumikizidwa motsatizana, kupanga 72V.

Zimene imachita bwino ndizinene, kuopa kuinamizira. Magetsi akazima maseva sagwedezeka n'komwe. Madzulo voteji ikatsika, mababu a m'khonde akuchita kufiira, iyo imatulutsabe 230V yake. Khadi ya netiweki imanditumizira imelo magetsi akapita ndi pobwera. Imalira kwambiri, fani yake sipuma usana ndi usiku, koma chitseko chikatsekedwa sitimva.

Vuto linali nthawi. Mabatire 6 aja ankatisunga mphindi 35 kapena 40, pomwe magetsi amatha kupita maola anayi. Jenereta tili nayo, koma UPS imaikana jeneretayo ikayamba kusinthasintha liwiro, komanso m'miyezi ya mizere ya mafuta sungawerengere jenereta. Ndiye ndinapempha mabokosi awiri a mabatire oonjezera. Kotesheni yoyamba ndinaitenga mu Okutobala momwemo. Mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, wogulitsa wa ku Lilongwe n'kutumiza pepala lina, abwana n'kuliika m'dirowa. Mabokosiwo anadzafika mu Malichi 2024, lililonse lili ndi mabatire 12, kulemera kwake tinanyamula anthu atatu.

Papepala zinkakoma. Batire lililonse ndi 12 kuchulukitsa ndi 9, ma watt-hour 108. Mabatire 30, ma watt-hour 3,240. Titayesa tsiku loyamba, inatisunga maola anayi osadandaula. Ndinajambula kasikirini kake n'kutumizira abwana, iwo n'kuyankha ndi kachala koloza m'mwamba. Mwezi umenewo mukanandifunsa, ndikanati gulani mawa lomwe.

Safunsa anadya phula. Chimene sindinafunse, ndipo wogulitsa sananene, ndi tchaja. Kumbuyo kwa buku la UPS, pamzere wa tizilembo ting'onoting'ono, panalembedwa kuti tchaja yake ndi ya 1.5A. Anaipangira mabatire 6 a m'kati aja, 9Ah, amene imawadzaza usiku umodzi. Ine ndinaipatsa mizere isanu, uliwonse wa mabatire 6, pamodzi 45Ah. Gawani 45 ndi 1.5: maola 30, ndipo amaposa apo chifukwa batire la lead likamayandikira kudzaza limalandira moto pang'onopang'ono. Zili ngati kugula mgolo waukulu pomwe mpopi wako umangodontha. Magetsi akazima Lolemba, n'kudzazimanso Lachiwiri, mabatire amayamba ntchito ali theka. Lachitatu ali m'munsi mwa theka. Ndipo batire la lead likamakhalitsa losadzaza, mbale zake zimagwira sulphate n'kuuma, mphamvu yake osabwereranso.

Chinandipusitsa n'chakuti sikirini inkangonena zabwino. Magetsi akabwera, pakatha maola angapo inkaonetsa 100 peresenti, chifukwa imayang'ana voteji pamene tchaja ikukankha, osati moto weniweni umene walowa. Inenso ndinkadutsa m'mawa, kusuzumira, kuona timizere tonse tadzaza, n'kupita kukamwa tiyi.

Tsiku loipa linali kumapeto kwa mwezi, mu Epulo 2025, mvula ya ku Mzuzu ija yosadziwa kuleka ikuwaza chiyambire m'mawa. Magetsi anazima cha m'ma 4 koloko. Mayi wa ku akaunti anabwera pakhomo la kachipinda.

"Achimwene, tipitirize kapena tiseve titseke?"

Ndinayang'ana sikirini. Inati mphindi 190.

"Pitirizani amayi, mpaka muweruke muli bwino."

Mphindi 50 zisanakwane ndinamva kulira kwa UPS kwasintha, kuchoka pa kulira kwa apo ndi apo kufika pa kothamanga. Pamene ndimafika, nambala inali itadumpha kuchoka pa 140 kufika pa 6. Pulogalamu ya NUT, imene ndinaiika kuti izizimitsa maseva mwadongosolo ikalandira chizindikiro chakuti batire latsika, inayamba ntchito yake, koma seva ya database, nkhokwe ya deta yathu, imafuna mphindi zinayi kapena zisanu kuti itseke bwino. Sinapatsidwe. Kachipinda konse kanangoti zii, fani ija imene ndinkaidandaula ndinayamba kuilakalaka. Ndinachoka pa ofesi cha m'ma 11 usiku, nditabwezeretsa database kuchokera pa bakapu ya dzulo lake, ndipo wa kabaza wa njinga yamoto wopita ku Chibavi anandilipiritsa mtengo wa mvula ndi wa usiku pamodzi. M'mawa mwake amayi aja analembanso ntchito ya tsiku lonse. Sananditukwane. Anangoti, "Mphindi 190 zija, achimwene," n'kukhala pampando. Bola akanandikalipira.

Loweruka ndinatsegula mabokosi ndili ndi multimeter, kachipangizo koyezera voteji. Batire labwino la 12V likapuma limaonetsa 12.7 kapena kuposerapo pang'ono. Ambiri anali pa 12.2 ndi 12.3. Mu mzere wa m'kati mwa UPS, wakale uja, limodzi linaonetsa 10.5, kutanthauza kuti selo imodzi mwa zisanu ndi imodzi inafa. Linali litatupa m'mbali ngati chitumbuwa, kulitulutsa ndinachita kulikankha ndi sikuludiraiva. M'bokosi lachiwiri munalinso ena awiri oyamba kutupa. Mzere wokhala ndi selo yakufa umakoka moto wa anzake, ndiye katchaja kofooka kaja kankadyetsanso wodwalayo. Apanso cholakwa china n'changa: ndinasakaniza mabatire a miyezi isanu ndi atsopano, ndipo sindinawayesenso ndi katundu weniweni wa maseva chichokereni tsiku loyamba lija.

Za kutentha nazonso ndinadzinamiza. Ndinkati kuno ku Mzuzu n'kozizira, si ku Karonga kapena ku Nkhata Bay, mabatire akhalitsa. Opanga amawerengera zaka zitatu mpaka zisanu pa madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 moyo wake umadukira pakati. Koma kachipinda kopanda zenera kokhala ndi maseva awiri sikadziwa kuti kunja kuli chifunga. Ndinapachika thermometer ya kukhitchini kuseri kwa rack, masana inafika 33. Iwe wa ku Karonga, ganizira Okutobala wa kwanuko.

Tsopano wogulitsa. Foni yoyamba anayankha mwaulemu: "Pepani bwana, titumizireni zithunzi." Ndinatumiza. Patatha sabata anati waranti ya zaka ziwiri ndi ya UPS yokha, mabatire ndi miyezi isanu ndi umodzi. Ndinabwerera ku invoisi, n'zoona zinalembedwa, pansi penipeni. Nditamufunsa chifukwa chimene anandigulitsira mabokosi awiri akudziwa kukula kwa tchaja, anati, "Bwana, inu munapempha mabokosi, simunafunse za tchaja." Ndinakhala chete chifukwa sankanama, komabe zinandiwawa. Iye yemweyo ndi amene anandiuza pambuyo pake kuti pali mtundu wina wa UPS yomweyo, wopanda mabatire m'kati koma wa tchaja yaikulu, wopangidwira malo amene magetsi amazima nthawi yaitali. Unali m'sitolo mwake tsiku limene ndinkagula. Kuti atumize katswiri wake kuno anati tilipire ulendo wochokera ku Lilongwe, malo ogona ndi alawansi. Mwachilungamo, mnyamata wake wina anandiimbira madzulo ndi foni yake, n'kunditsogolera pa menyu mpaka tinapeza poika chiwerengero cha mabokosi, n'kundiuza kuti nambala ya mphindi ija ndisamaikhulupirire mabatire akakalamba. Ameneyo ndinamutumizira ya mayunitsi.

Panopa ndachotsa mzere wakale ndi mabatire otupa aja, tatsala ndi mizere itatu. NUT sidikiranso chizindikiro cha UPS: magetsi akapita mphindi 20, seva yachiwiri ndi NAS zimazima zokha, ikafika mphindi 60 ya database nayo imatseka, kutsala rauta ndi switch. Loweruka loyamba la mwezi ndimazimitsa dala switch ya kukhoma, n'kukhala pampando ndi wotchi ndi kope. Chitseko cha kachipinda tinachiboola m'munsi n'kuikapo kafani. Chichitireni zimenezi sitinatayenso deta, ndipo masiku amene magetsi akhazikika ndimaiwala mkwiyo, ndimaiona ngati makina abwino amene ndinawasenzetsa katundu woposa msinkhu wake.

Kenako ndimayang'ana kotesheni ija mkwiyo n'kubwereranso. Kusintha mabatire onse 30 pamitengo ya lero kukuposa ndalama imene tinagulira mabokosi awiriwo ali atsopano, ndipo tchaja ikhala yomweyo. Njira ina ndi inverter (makina osandutsa moto wa batire kukhala magetsi ngati a kukhoma) ya 48V ndi batire la lithiamu la LiFePO4 la 100Ah, limene limasunga pafupifupi 5 kWh, limadzaza m'maola ochepa, ndipo limapirira kutsitsidwa kambirimbiri kuposa la lead. UPS ingatsale kutsogolo kwa maseva ndi mabatire ake 6 okha, ntchito imene anaipangira. Mtengo wake ndi umene wandikhazika pansi. Wogulitsa wati kotesheni ndi ya masiku asanu ndi awiri okha chifukwa cha ndalama zakunja, ndipo akufuna yonse tisanalandire katundu.

Mnzanga wa ku Karonga ndamuuza kuti asanasaine chilichonse ajambule tsamba la buku pamene palembedwa ma ampu a tchaja, anditumizire, ndipo waranti ya mabatire ailembetse pa kotesheni ndi sitampa. Yanga ija ili pa desiki ya abwana. Itha Lachisanu, iwo ali ku msonkhano ku Salima.