Miyezi 10 chigulireni makina akale a Neo Geo

Patha miyezi 10 chigulireni makina aja, ndipo tsopano ndingathe kunena zomwe sindikanaziona sabata yoyamba, chimwemwe chitandiphimba m'maso. Ndi Neo Geo MVS, makina a magemu amene kampani ya SNK inatulutsa mu 1990, aja aatali ngati kabati oti munthu uponyemo ndalama yachitsulo n'kumasewera choimirira. Anga ndi olowa makatiriji awiri, mabokosi aja mokhala magemu, ngakhale alipo ena olowa 1, 4 kapena 6.

Ndinawagula kwa bambo ena amene anawasunga m'galaja zaka zambiri. Tsikulo maso anga anali pa utoto wofiira ndi mabatani. Atayatsa n'kutulukira gemu ya Metal Slug pa sikirini, ine basi, mtima unagwa pomwepo. Kugwada n'kusuzumira kunsi sindinakuganizire n'komwe. Makabati amenewa amapangidwa ndi matabwa a utuchi wopanikiza, ndipo utuchi ukamwa madzi umafufuma osabwereranso. Kunsi kwa mbali imodzi kunali kutafumbwa kale, koma tinadziwa titayamba kunyamula, chibenthu chitatsalira m'manja mwa mnzanga. Ndinadzadula pofumbwapo n'kuikapo thabwa lolimba ndi guluu ndi masikuluwu, ndipo mpaka lero sipanagwedezeke.

Kulemera kwake kumapitirira makilogalamu 100, ndipo gawo lalikulu la kulemerako lili kumtunda komwe kuli sikirini, choncho akangopendekeka pang'ono amafuna kukugwerani. Tinali atatu, ndi ngolo ya matayala awiri ndi malamba omangira. Chomwe tinachita bwino n'chakuti tisanawasunthe tinatsegula chitseko chakumbuyo, n'kuchotsa bokosi la ndalama, makatiriji ndi chilichonse chogwedera. Sikirini yake ndi ya chubu ngati ya ma TV akale, ndipo khosi la chubucho ndi galasi lopyapyala. Kachitsulo kakangoligunda panjira, mpweya umalowa, chubucho chathera pomwepo.

Titafika ndinayatsa, ndipo ngodya imodzi ya sikirini inali itasanduka yofiirira. Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndimangoti taononga. Koma anali maginito chabe. Sikirini ya chubu imamva ngakhale maginito a dziko lenilenili, moti kungoitembenuzira kwina mitundu imatha kusokonekera. Mkati muli koyilo ya waya yomwe imachotsa maginitowo mukayatsa makina atazizira. Patapita masiku awiri ndikuyatsa m'mawa, banga lija linazimiririka.

Ntchito yeniyeni inadza mwezi wachitatu. Chithunzi chinayamba kuchedwa kuwala, kenako kufupika kumwamba ndi kunsi, m'mphepete mukuchita mafunde. Sikirini yake ndi ya mainchesi 25, yoyendera 15 kHz monga ma TV akale, ndipo ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi ta pa bolodi yake ya zamagetsi, anali atauma ndi ukalamba. Apa ndikupempheni, musathamangire kupisamo dzanja. Pamene waya wokhuthala uja amalumikizana ndi chubu pamakhala mavoti opitirira 20,000, ndipo mphamvuyo imatha kutsalira ngakhale mutazula pulagi. Ine ndinaitana mmisiri wachikulire wa ma TV akale, nandionetsa kachotsedwe ka mphamvuyo ndili chapatali. Kenako tinakhala Loweruka lonse tikuwotcherera ma capacitor atsopano, imodzi imodzi, tikuonetsetsa kuti miyendo yake sitinaitembenuze. Titayatsa madzulo, thambo la mu gemu linali la buluu weniweni amene ndinali nditamuiwala.

Anthu angapo anandiuza kuti ndingotaya chubucho ndiikemo sikirini yamakono yopyapyala. Ndinakana, ndipo lero ndikukanabe mwamphamvu kuposa kale. Chithunzi cha Neo Geo ndi cha timadontho 320 m'litali ndi 224 m'lifupi, ndipo amene ankajambula magemuwa ankajambulira chubu. Pa chubu timadonthoto timalowana, utsi umaoneka ngati utsi, nkhope imakhala ndi mthunzi wofewa. Ndinayesa gemu yomweyo pa sikirini yamakono: zonse zinali timabokosi takuthwa, ndipo dzanja limamva kakuchedwa pakati pa kudina batani ndi kulumpha kwa munthuyo. Pa chubu changa pali mthunzi wa malemba omwe anapserera pagalasi chifukwa choyaka malo amodzi zaka zambiri. Umaoneka makina akazima basi, ndipo sundisowetsa mtendere.

Chinthu chomwe ndikanayenera kuyamba nacho tsiku loyamba ndi batire. Pa bolodi yaikulu pali kabatire kotchajika kosunga nthawi, mapointi apamwamba ndi makonzedwe a makina. Kakakalamba kamadontha madzi odya mkuwa. Kanga kanali katatuwa kale, ndipo kanjira kamodzi ka mkuwa kanali katadyeka. Ndinakazula, n'kutsuka malowo ndi viniga kenako sipiriti wa isopropyl, n'kulumikiza podukapo ndi kawaya. M'malo mwake ndinaika kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo kotchedwa CR2032, koma nditayamba ndadula njira yotchajira, chifukwa batire imeneyi sitchajidwa. Ndikanachedwa chaka china, bolodiyo bwenzi pano ili yotaya.

Panalinso vuto lomwe linandizunguza mutu milungu itatu: gemu imangoyambiranso yokha pakati pa nkhondo. Ndinkakayikira makatiriji, osadziwa kuti ndi magetsi. Bolodi yaikulu imafuna mavoti 5, koma nditayeza pa bolodi penipenipo mita inaonetsa 4.7. Nditapukuta mano 56 a polumikizira mawaya n'kukweza pang'ono pa bokosi la magetsi mpaka kufika 5.05, vutolo silinabwerenso. Polumikizirapa pamafanana ndi JAMMA, muyezo womwe makampani a ku Japan anagwirizana m'ma 1980, koma si ndendende. Pa MVS yolowa makatiriji angapo mawaya a masipika ali mosiyana, choncho musangolowetsamo bolodi ya gemu ina musanayang'ane.

Zina zonse zinali zopepuka. Timaswitchi ta pansi pa mabatani, lamba wa pulasitiki wa m'mphepete mwa matabwa ndi getsi la chikwangwani chapamwamba zinatenga madzulo awiri.

Makinawa amadya malo, amalira kaphokoso kopyapyala komwe ana amakamva kuposa akuluakulu, ndipo chipinda chimafunda akayaka nthawi yaitali. Komabe palibe sabata yomwe yadutsa osayatsidwa. Atha kuikidwa kuti azisewereka ulere, koma ndinasiya poponyera ndalama pakugwira ntchito, ndalamazo zili m'kambale pamwamba pake. Mwana wa mlongo wanga, amene anazolowera magemu a pafoni, amasewera mosamala kwambiri akadziwa kuti wangotsala ndi ndalama imodzi m'manja.

Machubu otere anasiya kupangidwa, ndiye mwezi uno ndikusakasaka bolodi ina ya sikirini yofanana ndi yangayi, yoti ingokhala pa shelefu. Joystick (ndodo yowongolera gemu) ya wosewera wachiwiri nayo yayamba kukakamira ukaikankhira kumanzere, ndipo sipuling'i yake ndaitanitsa kale.