Akati "Would you mind", kuvomera ndi kunena ayi

Abale athu amene muli kumudzi ndipo mukukonza zobwera kuno ku Britain, pali mawu a Chingerezi amene kusukulu tinangowalambalala, koma kuno amamveka kuyambira m'mawa mpaka pogona: "Would you mind" ndi mphwake "Do you mind". Ambiri mwa ife timagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba, m'zipatala ndi mosungira katundu, ndipo konseko bwana salamula poyera. Simudzamumva akuti "Clean room four". Adzati, "Would you mind cleaning room four?" Likumveka ngati funso, koma imeneyo ndi ntchito mwapatsidwa, ndipo akudikira kuti ichitike. Komanso amalankhula mwaliwiro, mawuwo n'kumatana, kumveka ngati "wujumaind" kapena "jumaind", moti masabata oyamba khutu siliwatola n'komwe.

Kwathu ulemu umakhala m'tinthu ting'onoting'ono. "Ndipatse madzi" ndi "ndipatseni madzi" asiyana pa -ni yekha, ndipo ukawonjezera kupinda bondo kapena kulandira ndi manja awiri, basi wakwanitsa. Chingerezi chilibe "iwe" ndi "inu". Khanda ndi agogo onse ndi "you". Ndiye ulemu wawo anauika m'kapangidwe ka chiganizo chonse. N'chifukwa chake Mmalawi amene mumtima akuti "ndipatseni thaulo", pakamwa n'kutuluka "Give me the towel", amaonedwa ngati wamwano, chonsecho iye akudziwa kuti walemekeza. "Can you" ndi poyambira, "Could you" ndi wofewerapo, "Would you mind" ndi wofewa kuposa onsewo.

Chimene chimasokoneza ndi liwu loti "mind". Apa silikunena za nzeru kapena maganizo monga tinaloweza kusukulu. Likunena za kuvutika nacho chinthu, kudandaula nacho. "Would you mind closing the window?" ndiye kuti, "Kodi zikuvutani mutatseka zenera?" Mukalitembenuza choncho m'mutu, yankho limabwera lokha: ayi, sizindivuta. Choncho wovomera amati "No, not at all", "Of course not" kapena "No problem". Woyankha "Yes" wanena kuti inde zindivuta, ndiye kuti wakana. Amene amapunthwa ndi amene m'mutu mwawo amva kuti "Mungatseke zenera?", n'kuyankha "Yes" ndi nkhope yaulemu, wofunsayo n'kuima kakasi, osadziwa ngati zenera litsekedwa kapena ayi.

Tisakunamizeni, eni chinenerowo nawonso salisunga bwino lamuloli. Mudzawamva akuyankhana kuti "Yeah, sure" kapena "Yes, of course", kutanthauza kuti avomera. Amamvana chifukwa "sure" ndi "of course" ndi amene anyamula tanthauzo, komanso munthuyo amakhala atanyamuka kale kukachita. Woopsa ndi "Yes" wopanda mnzake, ndi "No" wopanda mnzake. Ife timalangiza obwera kumene kuti yankho lizitchula ntchitoyo: "No problem, I'll do it now", kapena "Sure, I'll do it after breakfast". Pamenepo ngakhale mutasokoneza liwu loyamba, mawu otsatirawo akonza.

Kapangidwe kake kali pawiri, malinga ndi amene achite chinthucho. Ngati mukufuna mnzanuyo achite, mneni wobwera pambuyo pa "mind" amathera ndi -ing: "Would you mind holding this?", "Would you mind waiting outside?", "Would you mind signing here?" Cholakwa chofala pakati pathu ndi kulowetsapo "to", n'kuti "Would you mind to wait". Adzakumvani, koma si Chingerezi cholondola, ndipo mu imelo yopita kwa abwana chimaonekera. Chimachokera ku "Would you like to wait?", amene m'khutu amafanana koma ndi wina: "like" amatenga "to", akukupatsani mwayi wosankha, ndipo amavomeredwa ndi "Yes, please". Poletsa chinthu amaika "not" mneni asanabwere: "Would you mind not using your phone in the lounge?" Wonena choncho sakufuna maganizo anu. Wakuchenjezani, ikani foni m'thumba.

Ngati wochita ndi inuyo, ndiye kuti mukupempha chilolezo, ndipo pamalowa "if I". Ndi "do", mneni amakhala wanthawi ino: "Do you mind if I sit here?" Ndi "would", mneni amapita ku nthawi yakale: "Would you mind if I sat here?", "Would you mind if I opened the curtains?", ngakhale kuti simunakhalebe, makatani simunatsegule. Izi zisakudabwitseni, Chichewa chimachita zomwezo. "Nditakhala apa, mvula inayamba" ndi zakale, koma "Nditakhala apa, mungadandaule?" ndi zongoyerekeza, mneni ndi yemweyo. Popempha chinthu chachikulu kwa manijala gwiritsani wa "would": "Would you mind if I left at three on Friday?" Akalola adzati "Go ahead", "Not at all" kapena "That's fine". Palinso "if you don't mind me asking", wonenedwa munthu asanafunse zachinsinsi monga zaka kapena banja. Mudzaumva kawirikawiri pofunsidwa kumene mumachokera.

Nanga kukana? "Yes, I do mind" ndi wolondola m'galamala, koma kumva kwake ndi ngati mbama, sungani wa tsiku la mkangano. Kukana kwa tsiku ndi tsiku kumayamba ndi "Sorry", "I'm afraid" kapena "Actually", kenako chifukwa: "Sorry, I can't, I'm with a resident", "I'm afraid someone's sitting there". Ngati wina akupempha chilolezo chochita chimene simukufuna, monga kusuta m'galimoto mwanu, "I'd rather you didn't" amakwanira.

Pamene Amalawi timadziluma tokha kwambiri ndi pa "I don't mind". Akakufunsani tiyi kapena khofi, "I don't mind" ndiye kuti chilichonse chili bwino, ndipo ndi yankho laulemu. Musamusinthanitse ndi "I don't care", amene amamveka ngati "ndilibe nazo ntchito". Koma pa nkhani ya mashifiti mawu omwewa amagwira pakhosi. Manijala akulemba rota, ndandanda ya mashifiti, amafunsa, "Do you mind doing Sunday?" Kwathu tinakula tikudziwa kuti wamkulu sakanidwa pamaso, umavomera kenako n'kudzadandaula pambali, ndipo amene ali pa viza yomangidwa kwa abwana amaopanso kuoneka ovuta. Ndiye timati "I don't mind". Iye amatenga mawuwo monga alili, salingalira kuti pansi pake pali kudandaula. Lamulungu lotsatira dzina lanu lilinso pa rota, Khirisimasi chimodzimodzi, mashifiti a maola 12 n'kumangotsatana. Mukadzadandaula adzakukumbutsani kuti munanena nokha kuti sizikuvutani. Ikani malire m'chiganizo chomwecho: "I don't mind this Sunday, but I can't do every week." Dziwaninso kuti malamulo a nthawi yogwira ntchito a 1998 amati wantchito asapitirire maola 48 pa sabata, powerengera avareji ya masabata 17, pokhapokha atasaina yekha pepala lovomera kupitirira, ndiponso kuti pakati pa tsiku la ntchito ndi linzake pazikhala maola 11 opuma. Pepala limenelo nthawi zambiri limabwera pamodzi ndi mapepala ena a tsiku loyamba, choncho werengani musanasaine.

"I wouldn't mind" ndi wina. Agogo amene mukuwasamalira akati "I wouldn't mind a cup of tea", sakunena kuti alibe nazo kanthu. Akupempha tiyi mozungulira, monga mlendo kwathu amanenera kuti "kunjaku kwatentha" akufuna madzi. Mukangomwetulira n'kudutsa, adzauza ana awo kuti anapempha koma sanapatsidwe. Ndipo mukawapatsa bisiketi iwo n'kuti "Don't mind if I do", alandira mokondwa.

M'ntchito yosamalira anthu, kusamvana kumeneku kumakhudza chilolezo. Musanamusambitse munthu, kumuvula kapena kumunyamula pa bedi, muyenera kupempha, ndipo a CQC, bungwe loyendera nyumba zosamalira anthu ku England, amayang'ana ngati zimenezi zimachitikadi. Tsono taganizani mwafunsa agogo amene samva bwino, kapena amene ali ndi matenda oiwalaiwala, kuti "Do you mind if I help you wash?" Iwo n'kuti "No". Kodi akuti sizikuwavuta, kapena angomva liwu loti "wash" n'kukana kusamba? Inu mukayamba kuwavula malaya iwo atakana, nkhani yake imafika kwa manijala ndi kwa achibale. Kwa anthu otere siyani "mind" yense. Funsani funso limene "yes" wake ndi inde: "Can I help you wash?" kapena "Is it OK if I take your cardigan off?" Funso limodzi, chinthu chimodzi, muli kutsogolo kwawo kuti aone milomo yanu, kenako dikirani. Akayankha mosamveka, bwerezani zimene mwamva: "So that's OK?"

Vuto lomweli lili ndi m'bale wake, mafunso okanira. Pa Chichewa ukafunsidwa kuti "Sanamwe mankhwala?" umayankha "Eya", kutanthauza kuti zoonadi sanamwe. Timavomereza mawu a wofunsayo. Chingerezi chimayankha za chochitikacho. Nesi akafunsa "Hasn't she had her tablets?", ngati sanamwe yankho ndi "No, she hasn't". Mukati "Yes" mwa Chichewa, nesiyo amva kuti mapilitsi amwedwa, ndipo wodwala adumpha mankhwala. Zikatembenuka, munthu akhoza kupatsidwa kawiri. Pepala lolembapo mankhwala, limene amalitcha MAR chart, ndi limene liyenera kukhala mboni, koma pa nthawi yosinthana shifiti anthu amathamanga ndipo amakhulupirira za pakamwa. Pa mankhwala, chakudya ndi madzi akumwa yankhani chiganizo chathunthu: "She hasn't had them yet", kapena "She had them at eight".

Liwu loti "mind" likakhala koyambirira kwa chiganizo palokha limatanthauza kusamala. "Mind your head" ndi samalani mutu, pakhomo lalifupi. "Mind the step" ndi samalani sitepe. M'sitima zapansi pa nthaka za ku London mudzamva "Mind the gap", kuchenjeza za mpata wa pakati pa sitima ndi pokwerera, umene umakula pa masiteshoni okhota monga Bank. "Could you mind my bag?" ndi kundiyang'anira chikwama, ndipo mayi wolera ana a anthu ena kunyumba kwake amatchedwa childminder, ku England ambiri a iwo amalembetsa ku Ofsted, bungwe la boma loyendera masukulu ndi olera ana, choncho makolo funsani za kalembera ameneyu musanasiye mwana. "Never mind" ndi zisiyeni, palibe kanthu. "Mind your own business" ndi mawu a ndewu, musawayesere pa ntchito ngakhale mocheza.

Opita ku Scotland, ku Glasgow, Edinburgh kapena Aberdeen, konzekerani tanthauzo linanso. Kumeneko "mind" amatanthauzanso kukumbukira. "Mind and lock the door" ndi musaiwale kukhoma chitseko, ndipo agogo akati "Do you mind the old trams?" akufunsa ngati mukukumbukira, sakufunsa ngati zikukuvutani. Apo "No" ndi ayi weniweni.

Watsala "Do you mind?" wopanda china chotsatira, amene tanthauzo lake lili m'mawu ndi pankhope. M'basi munthu akaloza mpando umene mwaikapo chikwama n'kunena mofatsa, akupempha kukhala: chotsani chikwamacho, muti "Sorry, go ahead". Koma akaunena mokweza, mokoka, atakutuzulirani maso, ndiye kuti mwamuponda, mwalowerera pamzere, kapena mukulankhula pa foni mokweza ndi achibale akumudzi m'sitima muli zii. Ameneyo sayankhidwa ndi "yes" kapena "no". Nenani "Sorry", musunthe kapena mutsitse mawu.