Sukulu ya Okwera Akavalo ku Leopards Hill: Zimene Ndinaona

Mwezi watha ndinapita ndi mwana wanga kusukulu ina yophunzitsa kukwera akavalo yomwe ili m'mbali mwa msewu wa Leopards Hill ku Lusaka, ndipo ndinabwerako wokhutira. Mphunzitsi sanafulumire kumukweza mwanayo pa chishalo. Anayamba wamuphunzitsa kuyandikira kavalo cha kumanzere, kugwira zingwe mosakoka mwamphamvu, ndiponso kuvala chisoti asanalowe m'bwalo. Makola ndi aukhondo, ndipo akavalo amalandira katemera wa African horse sickness, matenda oopsa amene amafalitsidwa ndi tizilombo touluka toluma, makamaka m'nyengo ya dzinja.

Chimene chinandikoka mtima kwambiri ndi phunziro la polo, masewera omenya mpira ndi ndodo yaitali munthu ali pa kavalo. Masewerawa anafalikira kudzera mwa asilikali a Britain amene anawaona ku India m'zaka za m'ma 1800, ndipo kuno kwathu, m'nthawi ya atsamunda, anali a azungu okha. Lero ana a ku Kabulonga ndi ku Chilenje akugwira ndodo yomweyo. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 4, chigawo chimodzi chotchedwa chukka chimatenga mphindi 7, ndipo ndodo imagwiridwa ndi dzanja lamanja basi, ngakhale munthu akhale wamanzere monga mwana wangayu, yemwe anang'ung'udza tsiku lonse.

Chodandaulitsa ndi mtengo, womwe ndi wokwera kwa banja wamba, komanso kuti Loweruka ophunzira amachuluka mwakuti tinadikira nthawi yaitali padzuwa. Amene angathe apite pakati pa sabata.