Mano ovula, bridge kapena implant: chimene chingatseke gweru lanu

Dzino likazulidwa, fupa limene linkaligwira limayamba kuphwa, ndipo limaphwa kwambiri m'miyezi 6 yoyambirira. Mano oyandikana nalo amapendekera ku mpata uja pang'onopang'ono, pamene dzino lomwe linkagundana nalo potafuna limatalika chifukwa lasowa pogunda. Njira zotsekera gweru zilipo zitatu: mano ovula, bridge yomatirira ku mano oyandikana, ndi implant yoloweza m'fupa. Ambiri amasankha poyang'ana mtengo wa tsiku loyamba. Koma chimene chimalamula kwenikweni ndi mano amene mwatsala nawo, fupa lanu, ndi kumene mudzakonzetse zinthu zikadzavuta.

Tiyambe ndi mano ovula a pulasitiki, amene ndi otchipa kuposa onse. Dokotala amadzaza phala lofewa m'kambale, n'kukanikiza m'kamwa kwa mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka liume. Chimenecho ndiye chikombole. Ku labu amathiramo pulasitala kuti atulutse chithunzi cha m'kamwa mwanu, amaika mano pa phula, inu mumabwera kudzayesa, kenaka phula lija amalisintha ndi pulasitiki yofiirira ngati nkhama. Maulendo ake amakhala atatu kapena anayi. Pa ulendo woyesa paja ndi pamene muyenera kulankhula ngati dzino latalika, layera mopitirira anzake kapena likugunda msanga. Akaphika pulasitiki, zosintha zimakhala zochepa.

Ubwino wake waukulu ndi woti amakonzeka. Akasweka amalumikizika, ndipo mukazulitsa dzino lina chaka chamawa amangowonjezerapo pa mbale yomweyo, kutanthauza pulasitiki yonyamula mano ija. Kuipa kwake n'koti kulemera konse kwa kutafuna kumagwera pa nkhama, osati pa mano. Mbale ija imamira pang'onopang'ono, imakankha nkhama m'mbali mwa mano otsala, ndipo zakudya zimabisala pansi pake ndi pa timawaya togwirira. Munthu wosatsuka bwino amapezeka kuti mano amene anali abwinobwino aja ayamba kubowoka ndendende pamene waya amakhudza.

Mano ovula a chitsulo, chimene amasakaniza cobalt ndi chromium, amathetsa vuto limeneli. Chitsulocho n'chopyapyala, sichiphimba malo aakulu, ndipo chili ndi tizala timene timakhala pamwamba pa mano otsala, moti katundu amasenza ndi mano, nkhama n'kumapuma. Amafuna labu yotha kusungunula chitsulo, choncho mtengo ndi wokwera, ndiponso kuwonjezerapo dzino kumavuta. Ngati mano anu otsala akugwedera chifukwa cha chiseyeye, musataye ndalama pa chitsulo. Tengani a pulasitiki kaye. Palinso ofewa opindika, monga a Valplast, opanda waya woonekera. Ndi okongola ndithu, koma akakhwepa kapena kung'ambika kuwakonza n'kovuta, ndipo kawirikawiri mumangopangitsa ena.

Kumene anthu amakhumudwa kwambiri ndi pa mano ovula a kamwa lonse. A kumwamba amagwira bwino, chifukwa mbale imaphimba denga lonse la m'kamwa ndipo malovu amaimata ngati magalasi awiri onyowa. A kunsi alibe mwayi umenewo. Amakhala pa kamzere kopapatiza ka fupa, lilime likuwakankha mkati, masaya akuwakankha kunja, ndipo fupa la nsagwada ya kunsi limaphwa msanga kuposa la kumwamba. Mphamvu yolumira imachepa kwambiri poyerekeza ndi mano obadwa nawo. Nsima, mpunga, mbatata yophika ndi nsomba sizivuta. Chimanga chootcha, nzimbe ndi kanyenya wolimba ndi nkhani ina. Kachidutswa ka mtedza wokazinga kakalowa pansi pa mbale kamabaya ngati mwala mu nsapato. Kadyedwe kake n'kodula chakudya tizidutswa, n'kutafunira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Mukaluma ndi mano akutsogolo, mbale ya kumwamba imadzuka kumbuyo n'kugwa.

Ena amaikidwa mano tsiku lomwelo lozulitsa kuti asayende ndi magweru. Palibe cholakwika, bola mudziwe kuti pakatha miyezi 3 mpaka 6 adzakhwepa chifukwa fupa laphwa, ndipo padzafunika kuwonjezera pulasitiki mkati mwake kapena kupanga ena. Ndalama imeneyo muiwerengeretu. Ngakhale opangidwa bwino amafuna kusinthidwa pakapita zaka 5 mpaka 10, pakuti m'kamwa mumasintha pamene mbale sisintha.

Kasamalidwe ndi kamene kamasiyanitsa wokhala nawo bwino ndi wodandaula. Usiku avuleni. Nkhama zophimbidwa usana ndi usiku zimafiira chifukwa cha kafangasi kotchedwa Candida, ndipo m'mbali mwa milomo mumang'ambika. Tsukani ndi mswachi wofewa ndi sopo wamba, osati mankhwala otsukira mano, chifukwa amakanda pulasitiki ndipo m'mikandomo ndi mobisala tizilombo. Tsukirani pamwamba pa beseni la madzi, popeza mbale ikagwera pa simenti imasweka pakati. Madzi otentha amaipinda, ndipo Jik amadya chitsulo. Ikasweka musamate ndi super glue: zidutswa zimalumikizana mokhota, ndipo wa ku labu sangathenso kuzibwezera m'malo mwake. Ikamakupwetekani musaipale ndi mpeni. Ivaleni maola angapo musanapite kuchipatala kuti pamene ikutsina pafiire, dokotala aone popala. Chenjezo lina ndi la kambale kakang'ono ka dzino limodzi kapena awiri: kakakhwepa kamamezeka, makamaka munthu ali mtulo kapena ataledzera, ndipo pulasitiki yake sioneka bwino pa X-ray.

Bridge ndi yosavula. Pofuna kubwezera dzino limodzi, dokotala amasema mano awiri oyandikana ndi mpata, n'kuwaveka zisoti zolumikizana ndi dzino lapakati, zonse zitatu chinthu chimodzi, n'kumata ndi simenti ya mano. Ntchitoyi imatha m'maulendo awiri kapena atatu, mumatafuna ngati kale, ndipo yosamalidwa bwino imapitirira zaka 10. Koma dzino losemedwa silibwereranso. Ngati oyandikanawo ali kale ndi mabowo aakulu omatidwa, kuwaveka zisoti n'kuwathandiza. Ngati ndi athunthu, mwawononga mano awiri abwino chifukwa cha limodzi. Nthawi zina mtsempha wa dzino losemedwa umafa, kapena kubowoka kumayambira m'mphepete mwa chisoti osaoneka, ndipo limodzi likagonja bridge yonse yapita. Pansi pa dzino lapakati pamafuna ulusi wa mano kapena kamswachi kolowa pakati pa mano tsiku lililonse. Mswachi wamba sufikapo. Pa dzino lakutsogolo pali mtundu wina wokhala ndi kaphiko kachitsulo komatira kumbuyo kwa dzino loyandikana, wosafuna kusema kwambiri. Umamatuka nthawi zina, koma amaumatanso. Kawirikawiri bridge sigwira ntchito ngati kumbuyo kwa mpata kulibe dzino lolimba, kapena ngati mpata watalika kwambiri.

Implant ndi kabawuti ka titanium kolowezedwa m'fupa m'malo mwa muzu. Njirayi inachokera ku Sweden, kumene Per-Ingvar Brånemark anaika zoyamba mwa munthu mu 1965 ku Gothenburg, atazindikira kuti fupa limamera n'kugwirana ndi titanium. Kugwiranako kumatenga miyezi 3 mpaka 6, kenaka amaikapo chisoti. Sikhudza mano oyandikana, ndipo fupa la pamalopo siliphwa monga limachitira pansi pa mbale. Koma ndi opaleshoni, mtengo wake ndi wokwera kuposa zonse, ndipo imafuna fupa lokwanira. Amene anakhala ndi gweru zaka zambiri amayamba awonjezeredwa fupa. Fodya, matenda a shuga osalamulirika ndi chiseyeye chosachiritsidwa zimakweza mwayi woti ilephere. Wachinyamata amene nsagwada zikukulabe ayenera kudikira. Implant sibowoka, komabe nkhama ndi fupa lozungulira zimadwala ngati sitsukidwa, ndipo nthawi zambiri sizipweteka mpaka kabawuti kayambe kugwedera.

Kumene implant imasintha moyo kwambiri si pa dzino limodzi, koma pa mbale ya kunsi yovutitsa ija. Tibawuti tiwiri kutsogolo kwa nsagwada, tokhala ndi mitu ngati mabatani otopola, timagwira mbale kuti isayendeyende, ndipo mumaivulabe usiku. Akatswiri amene anakumana ku yunivesite ya McGill ku Montreal mu 2002 anagwirizana kuti imeneyi ndiyo iyenera kukhala njira yoyamba kwa munthu wopanda dzino lililonse kunsi. Timphira ta m'mabataniwo timaperepeseka ndipo timafuna kusintha.

Apa ndi pamene nkhani ya kwathu kuno ku Malawi imalowera. Maphunziro a madokotala a mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), choncho madokotalawa akadali ochepa ndipo ambiri ali m'mizinda. Makampani a implant aliyense ali ndi tizitsulo ndi tisipanala take. Wokaikitsa ku Johannesburg kapena ku India abwereko ndi pepala lolembedwa dzina la kampani ndi saizi ya kabawuti, apo ayi kasikuluwu ka mkati kakadzamasuka adzasowa womangitsa. Mbale ya pulasitiki, ngakhale ili yonyozeka, labu iliyonse ya mano imaikonza.

Palinso njira imene saitchula kawirikawiri: kusaikapo kanthu. Munthu wotsala ndi mano 20, kuyambira akutsogolo mpaka apakati, okumana bwino pamwamba ndi pansi, amadya mokwanira. Ngati mwataya dzino lotafunira lakumapeto kwenikweni, mbale yoti ilowe m'malo mwake imathera m'kabati, chifukwa imasowetsa mtendere kuposa gweru lomwe.

Mwachidule, kasankhidwe kake ndi aka. Dzino limodzi lakutsogolo, oyandikana ali athunthu: implant ngati thumba ndi fupa zikulola, apo ayi bridge ya kaphiko, ndipo kambale kakhale kongodikirira. Mano angapo mbali zonse ziwiri, otsala ali olimba: mano ovula a chitsulo. Otsala akugwedera: pulasitiki, ndipo chiseyeye chichiritsidwe kaye. Kunsi mukatsala mano awiri okha olimba, makamaka osongoka aja, musafulumire kuwazulitsa kuti "zonse zifanane". Awiriwo ndi amene adzagwire mbale.