Wii, Move, Kinect ndi Switch: ndi iti imene imadzutsa banja lonse pampando?

Ndikamaona makina a magemu oseweredwa pogwedeza thupi, ndimayamba ndadzifunsa ngati agogo angasewere nawo popanda kuwaphunzitsa kwa theka la ola. Kukongola kwa zithunzi kumabwera pambuyo.

Wii ya Nintendo inatuluka mu Novembala 2006. Rimoti yake imamva mmene dzanja lagwedezekera, ndipo kumutu kwake kuli kakamera kamene kamaona timagetsi ta infrared (kuwala kosaoneka ndi maso) ta pa kandodo koika pamwamba kapena pansi pa TV. Ambiri amaganiza kuti kandodoko ndi kamene kamaona rimoti, chonsecho rimoti ndiyo imaona kandodo. Tsiku loyamba agogo athu kuigwira, tinawaikira bowling, gemu yogwetsa timitengo ndi mpira, ya mu Wii Sports. Iwo amvekere, "Ndiye ndidine pati?" Mdzukulu wawo anawaonetsa batani limodzi la kunsi kwa rimoti. "Agogo, finyani apa, mukokere dzanja kumbuyo, kenako mutaye ngati mukugubuduza mpira." Anagubuduza, timitengo tinagwa, ndipo rimotiyo sanaiperekenso kwa wina mpaka gemu inatha.

Zoona, rimoti yoyambayo simva bwino kwenikweni. Tenesi mungathe kuisewera muli khale, kungopotokola dzanja pang'ono, mpira n'kubwerera. N'chifukwa chake mu 2009 a Nintendo anatulutsa MotionPlus, kachipangizo kolumikiza kumapeto kwa rimoti kuti izimvanso kupendekeka kwa dzanja. Koma kwa banja, ine kufooka kumeneku ndimakuwerengera ngati ubwino, chifukwa mwana wa zaka zisanu amatha kugonjetsa bambo ake, ndipo akagonjetsa amafunanso kusewera mawa. Kachingwe ka pamkono kokha musakanyozere. Marimoti anapulumuka m'manja mwa anthu n'kuswa ma TV, moti chaka chomwecho cha 2006 kampaniyo inayamba kupereka zingwe zolimba.

PlayStation Move inabwera mu Seputembala 2010 pa PlayStation 3 ya Sony. Kumutu kwake kuli kampira kowala, ndipo kamera ya PlayStation Eye imakatsatira n'kudziwa pamene dzanja lili, ngakhale mukalisendeza kutsogolo kapena kumbuyo. Pa kumva molondola, Move imaiposa Wii yoyamba kutalitali. Mu tenesi ya patebulo ya Sports Champions, mukapendeketsa dzanja pang'ono chabe mpira umapotoka monga momwe ungachitire patebulo lenileni. Achinyamata okonda mpikisano amaikonda pa chifukwa chimenechi. Vuto lake n'lakuti wodziwa amapambana nthawi zonse, ndipo wongoyamba amakhumudwa msanga. Batire lake ndi lotchaja, pamene Wii imadya mabatire awiri a AA pa rimoti iliyonse.

Kinect ya Xbox 360 ya Microsoft, ya mu Novembala 2010, inachotseratu chogwira m'manja. Kamera yake imamwaza timadontho ta infrared m'chipinda n'kuyeza kuti chilichonse chili patali bwanji, kenako imazindikira mutu, mikono, mawondo ndi mapazi. Inagulidwa zokwana 8 miliyoni m'masiku 60 oyambirira. Kwa ana aang'ono palibe ina yofanana nayo. Ndinaona kamwana kosadziwa n'komwe kuwerenga kataima patsogolo pake, kukweza dzanja, n'kuona kamunthu ka pa TV kakukwezanso dzanja. Kanadumpha, nako kanadumpha. Panalibe chofotokoza. Pa kuvina imaposanso zinazi, poti imaona thupi lonse, pamene rimoti imangodziwa za dzanja limodzi.

Koma Kinect imafuna malo. Munthu mmodzi ayenera kuima pafupifupi mamita awiri kuchokera pa kamera, awiri akufunika kupitirira apo, ndiye tebulo la pabalaza lichoke kaye. Wina akadutsa kutsogolo, gemu imasokonekera. Imachedwanso pang'ono kuyankha, ndipo kusankha zinthu pa sikirini mwa kuimika dzanja m'mwamba kumatopetsa. Microsoft inasiyiratu kupanga ma Kinect a Xbox mu 2017.

Chaka chomwecho kunabwera Switch ya Nintendo ndi timarimoti take ta Joy-Con. Timarimotiti sitifuna kandodo kapena kamera pa TV, ndipo tiwiri timabwera m'bokosi momwemo, choncho anthu awiri amayamba kusewera tsiku lomwelo. Popeza palibe chotiona kuchokera kunja, nthawi zina timasochera pang'ono ndipo pamafunika kutilozetsanso pakati. N'tating'ononso kwa munthu wa manja akuluakulu. Komabe Nintendo Switch Sports ya 2022 inabweza bowling ndi tenesi pabalaza, ndipo pali mpira wa miyendo woti mungamenye mutamangirira Joy-Con pantchafu.

Ofuna yatsopano pa makina anayiwa atenge Switch. Koma ngati m'nyumba muli anthu a mibadwo itatu ndipo mwapeza Wii yogwiritsidwapo kale ntchito, ine ndingatenge imeneyo, chifukwa anthu anayi akhoza kusewera limodzi ndipo palibe wotsalira. Musanalipire, onani kuti kandodo ka infrared kalipo ndipo kakuyaka, komanso kuti TV yanu ili ndi polowetsa zingwe zakale zija, yachikasu, yoyera ndi yofiira, chifukwa Wii ilibe polowetsa chingwe chamakono cha HDMI. Wogula Kinect afunse za chingwe cha magetsi, poti Xbox 360 yoyambirira imafuna chapadera. Wogula Move asachoke popanda kamera, chifukwa kampira kowalako pakokha sikagwira ntchito.